Thumba la malasha lomwe lili kumwamba

Sabata ino tisiye kaye za mtengo wa chimanga ndi za machapa, tikweze maso kumwamba. Amene andichititsa zimenezi ndi agogo ena amene adaimba foni pa pologalamu yathu ya usiku Lachiwiri lapitali. Dzina lawo sinditchula poti sindidawapemphe chilolezo, koma mawu awo ndi awa monga ndikuwakumbukira.

"Mwana wanga," adatero agogowo, "inu a pa wailesi mumamva zambiri. Dzulo magetsi atazima ndidakhala pabwalo, ndipo nditayang'ana chakummwera ndidaona banga lakuda bii pakati pa nyenyezi, pafupi ndi zinayi zija zooneka ngati mtanda. Ponseponse nyenyezi zili mbuu, koma pamenepo pokha palibe kanthu. Kodi si fumbi la malasha a ku Moatize limeneli lafika kumwamba? Zovala pachingwe likudetsa, ufa pamphasa likudetsa, tsopano layamba kudetsa ndi thambo lomwe?"

Mnzanga wa pa makina adaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndidafuna kuseka nawo, koma ndidazindikira kuti yankho ndilibe. Ndidangoti, "Agogo, ndipatseni sabata imodzi ndikafufuze." Paja safunsa adadya phula. Ndafufuza tsono, ndipo zimene ndapeza zandichititsa manyazi, chifukwa agogo aja adalasa pafupi kuposa ife amene tinkaseka.

Banga limene adaona lilipodi, ndipo ndi fumbi ndithu. Dzina lake m'Chingerezi ndi Coalsack, m'Chipwitikizi amati Saco de Carvão, kutanthauza thumba la malasha kapena la makala, poti Apwitikizi zonse ziwiri amazitchula ndi liwu limodzi. Agogo amene sadaonepo buku la zakuthambo adalipatsa dzina lomwelo limene lili m'mabuku a akatswiri. Pamene adaphonya ndi pamodzi pokha: fumbi limenelo silidachokere ku Moatize.

Thumba limeneli lili kutali kosaneneka. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo kuchoka ku dzuwa kudzafika padenga panu kumatenga mphindi 8 zokha. Koma kuti kuchoke pa Thumba la Malasha kudzafika ku Tete kumatenga zaka pafupifupi 600. Ndiye kuti chithunzi chimene agogo adaona Lolemba lija chidanyamuka kumeneko Vasco da Gama asanafike pa chilumba cha Mozambique mu 1498, Apwitikizi asanamange malo awo kuno ku Tete m'zaka za m'ma 1530. Migodi ikuluikulu yapoyera ya ku Moatize idayamba kutulutsa malasha mu 2011, dzulodzuloli. Kukula kwa thumbali nakonso n'kodabwitsa: mukatambasula dzanja, zala zitatu kapena zinayi zimaliphimba, komatu kuwala kumatenga zaka zoposa 50 kuti kulidutse kuchoka mbali ina kufika mbali ina.

Agogo asadandaule kuti adasokonezeka, chifukwa ngakhale akuluakulu a maphunziro adasokonezeka nawo mabanga otere. William Herschel, yemwe adatulukira dziko la Uranus, ataona banga lina lakuda m'zaka za m'ma 1780 adaganiza kuti ndi bowo, malo opanda nyenyezi ndi imodzi yomwe. Padapita zaka zoposa 100 anthu akukhulupirira zomwezo. Mu 1919 Edward Barnard wa ku America, atajambula zithunzi zambirimbiri za Mlalang'amba, adasindikiza mndandanda wa mabanga akuda 182, ndipo zithunzi zake zidaonetsa kuti ambiri mwa iwo ndi mitambo yotchinga nyenyezi zimene zili kuseri kwake. Mu 1930 Robert Trumpler adatsimikiza kuti fumbi lamwazika mu Mlalang'amba wonse, ndipo likuchititsa nyenyezi zakutali kuoneka zozilala ndi zofiirira kusiyana ndi m'mene zilili.

Zofiirirazi ife a ku Tete sitifunika kuuzidwa. Mwezi wa Sepitembala ndi Okutobala, tchire likamapsa ndipo mphepo ikamanyamula fumbi, dzuwa limalowa lili psuu ngati phwetekere, mpaka munthu kuliyang'ana osaphethira. Chimachitika n'chakuti tinjere ta fumbi ndi utsi timamwaza kuwala kobiriwira ngati thambo, n'kulola kofiira kudutsa. Fumbi lakumwamba limachita chimodzimodzi ndi kuwala kwa nyenyezi. Pamene lachindikala kwambiri, monga pa Thumba la Malasha, nyenyezi zambiri za kuseri kwake sizioneka n'komwe ndi maso.

Makolo a mitundu ina adaliona kale thumbali n'kulipatsa nkhani zawo. Eni nthaka a ku Australia amati ndi mutu wa mbalame yaikulu yotchedwa emu, imene thupi lake latambalala m'mabanga ena akuda a Mlalang'amba. Akafula a kummwera kwa Africa, anthu a mtundu wa San, adali ndi nthano yakuti Mlalang'amba udapangidwa ndi mtsikana amene adatapa phulusa pamoto n'kuliwaza kumwamba. Nthano imeneyi idalembedwa ku Cape Town m'zaka za m'ma 1870. Taonani, nawonso adaganiza za phulusa, za moto, za zinthu zakuda za kukhitchini. Kodi ife Achewa ndi Anyungwe tinkalitcha chiyani banga limeneli? Amene muli ndi agogo odziwa, afunseni lero, mutilembere.

Tsono fumbi lakumwambali ndi lotani? Si dothi ngati limene kamvuluvulu amanyamula pamsewu wa ku bwalo la ndege ayi. Tinjere take n'tating'ono ngati ta utsi, ndipo mutati mutindandalitse, pangafunike mazana angapo kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Tina ndi ta mtundu wa mchenga ndi miyala, tina ndi ta kaboni, chinthu chomwecho chimene chili m'makala, m'malasha ndi mu mwaye wa kudenga la khitchini. M'malo ozizira kwambiri tinjereti timakutidwa ndi madzi oundana. Mwa zonse zimene zimayandama pakati pa nyenyezi, fumbi ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 100 tikatengera kulemera. Magawo ena 99 ndi mpweya, makamaka wa hydrogen ndi helium.

Komanso ndi lomwazikana kwabasi. M'malo wamba pakati pa nyenyezi, danga lalikulu ngati bwalo lonse la mpira pamodzi ndi mipando yake mukhoza kupezamo kanjere kamodzi kokha. Nanga chinthu chochepa chotere chingatchinge bwanji nyenyezi? Yankho lake ndi mtunda. Mukaima m'nkhalango, mitengo imaoneka yotalikirana ndipo mumadutsa pakati pake bwinobwino, koma mukayang'ana patali simuona kanthu koma mitengo yokhayokha. Kuwala kukamayenda zaka makumimakumi mkati mwa mtambo, kanjere aka kamachotsako pang'ono, kanjere ako pang'ono, mpaka kuwala kuja kutheratu.

Gwero la fumbili ndi nyenyezi zokalamba. Nyenyezi ndi ng'anjo, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa izo. Mkati mwake hydrogen amasanduka helium, ndipo nyenyezi ikamakalamba helium amasanduka kaboni ndi okosijeni. Pamapeto pake imafufuma, kunja kwake n'kuzizirako, ndipo imayamba kutaya mpweya wake m'mlengalenga. Mpweya uja ukamazizira umagwirana n'kukhala tinjere, monga momwe utsi wa nkhuni umasiyira mwaye pa udzu wa denga. Zimenezi zidaoneka ndi maso posachedwapa. Kumapeto kwa 2019 mpaka Febuluwale 2020, nyenyezi yofiira yotchedwa Betelgeuse, imene ili pafupi ndi Akamwiniatsatana, idazilala kwambiri mpaka anthu kuyamba kunena kuti yatsala pang'ono kuphulika. Mu 2021 akatswiri ogwiritsa ntchito makina a ku Chile adaonetsa kuti idangolavula mpweya umene udasanduka fumbi n'kuitchinga kumaso.

Nyenyezi zikuluzikulu kwambiri zimafa mophulika. Mu Febuluwale 1987, nthawi imene nkhondo inkathamangitsira anthu ambiri a chigawo chino ku Malawi, nyenyezi ina idaoneka itaphulika mu kamtambo kowala ka kummwera kotchedwa Large Magellanic Cloud. Inkaoneka ndi maso chabe, ndipo mwina ena mwa makolo athu amene ankagona kutchire masiku amenewo adaiona osadziwa kuti n'chiyani. Kuwala kwake kudayenda zaka pafupifupi 168,000. Mu 2011 makina a m'mlengalenga otchedwa Herschel adapeza kuti pamalo pamene idaphulikirapo papangika fumbi lokwana kuumba maiko onga lathuli oposa 150,000. Nyenyezi imodzi yokha imeneyo!

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Fumbi limene ife timaliyesa chinyalala, kumwamba ndi mzamba. Popanda ilo nyenyezi zonga dzuwa lathu zikadavutika kubadwa, ndipo dziko loti tipondepo silikadakhalapo. Ntchito zake ndi zinayi.

Yoyamba ndi mthunzi. Nyenyezi zotentha zimatulutsa kuwala kwaukali kosaoneka ndi maso, kumene kumaphwanya chilichonse chofuna kugwirana. Fumbi la kunja kwa mtambo limamwa kuwala kumeneku, ndipo mkati mumakhala mdima ndi bata. Aliyense amene adathawirapo pansi pa mlambe masana a Novembala akudziwa chimene ndikunena.

Yachiwiri ndi kuziziritsa. Mpweya wotentha sukhazikika, umamwazika. Kuti mtambo ugwirane n'kubala nyenyezi uyenera kuzizira kaye. Tinjere ta fumbi timalandira kutentha n'kukutulutsa kunja ngati kuwala kwa infrared, kuja kumene khungu limamva mukayandikira mbaula koma maso osakuona. Motero mkati mwa mitambo yotere mumazizira mpaka madigiri 263 kunsi kwa ziro. Kuno ku Tete zikangofika pa madigiri 15 tayamba kale kufuna majuzi. Mukuzizira kumeneko mpweya umafooka, ndipo mphamvu yokoka, yomwe ija imagwetsa bwemba mumtengo, imayamba kuukokera pamodzi. Ukamapanikizika pakati pake pamatentha, mpaka patapita zaka mamiliyoni ng'anjo ija imayaka. Nyenyezi yabadwa. Chinthu chotentha koposa chimabadwira m'malo ozizira koposa.

Yachitatu ndi unkhoswe. Tizigawo tiwiri ta hydrogen tikakumana patokha m'mlengalenga sitigwirana, timangogundana n'kupatukana, chifukwa tilibe potayira mphamvu ya kukumanako. Koma tikatera pa kanjere ka fumbi timayendayenda pamenepo, timapezana, kanjere kaja kamalandira kutentha kwake, ndipo tiwiri tija timachoka tili banja. Pa tinjere tomweti hydrogen amakumananso ndi okosijeni n'kupanga madzi. Akatswiri apeza kuti gawo lina la madzi a padziko lino lidapangika motero dzuwa lisanabadwe. Mukamatunga madzi mu Zambezi kapena mu Revubue, dziwani kuti ena mwa madziwo ndi achikulire kuposa dzuwa limene likukuwotchani.

Yachinayi ndi kuumba. Nyenyezi ikabadwa, fumbi ndi mpweya wotsala zimaizungulira ngati lichero. Tinjere timagundana n'kumamatirana, timakhala timibulu, timibulu n'kukhala miyala, miyala n'kukhala mapiri oyandama, mapiri n'kukhala maiko. Chiswe chimaumba chulu ndi kadothi kamodzikamodzi, ndipo akulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Umu ndi m'mene dziko lathu lidaumbikira zaka pafupifupi mabiliyoni 4.6 zapitazo. Mu 2014 makina a ALMA, amene ali pamwamba pa mapiri a chipululu cha Atacama ku Chile, adajambula lichero lotere mozungulira nyenyezi yaing'ono yotchedwa HL Tauri, ndipo pa chithunzicho pakuoneka mizere yakuda imene akatswiri akuti mwina ndi njira za maiko amene akuumbika.

Mukafuna kuona chikuta cha nyenyezi ndi maso anu, dikirani Disembala mpaka Malichi. Madzulo Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zija zondondozana, zimakhala pamwamba penipeni. Chakummwera kwake kuli kamzere kena ka nyenyezi zozilala, ndipo yapakati imaoneka ngati kautsi. Imeneyo si nyenyezi imodzi, ndi mtambo wa Orion, umene uli pa mtunda woti kuwala kumayenda zaka zoposa 1,300. M'menemo muli nyenyezi zakhanda mazanamazana, ndipo makina a Hubble adajambulamo zina zitazunguliridwa ndi malichero awo a fumbi. Thumba la Malasha ndi mtambo wa mtundu womwewo, koma ilo lidakali lozizira ndi lachete, monga munda wolimidwa umene mbewu zake sizidamere.

Kodi akatswiri amaona bwanji mkati mwa mdima wotere? Pano ndiloleni ndidzitame pang'ono monga munthu wa pa wailesi. Tsiku la fumbi lambiri, mukaima kuno ku Chingodzi nyumba za tsidya lija zimabisika, koma wailesi yanu imalankhula bwinobwino. Mafunde a wailesi saopa fumbi. Pakati penipeni pa Mlalang'amba wathu, pa mtunda wa zaka 26,000 za kuwala, mpobisika kotheratu ndi fumbi, moti makina oonera ndi maso sathandiza. Koma mu Julayi 2018 dziko la South Africa lidatsegula makina otchedwa MeerKAT, mbale zikuluzikulu 64 zomvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, ndipo chithunzi chimene adaonetsa tsiku lotsegulira chidali cha pakati pomwepo. Kuwala kwa infrared nakonso kumadutsa fumbi. Makina a James Webb, amene adaponyedwa m'mlengalenga pa 25 Disembala 2021, amaona ndi kuwala kumeneku. Mu 1995 Hubble adajambula zipilala zitatu za fumbi mu mtambo wotchedwa Eagle, zooneka ngati zulu zitalizitali zakuda. Mu Okutobala 2022 Webb adajambula zipilala zomwezo, ndipo m'mbali mwake mudaoneka timadontho tofiira tambirimbiri, nyenyezi zimene zangobadwa kumene.

Musaganize kuti zonsezi n'zakutali zokhazokha. Fumbi lakumwamba limagwa pano tsiku ndi tsiku. Mu 2021 akatswiri a ku France, atatha zaka pafupifupi 20 akutola tinjere m'chipale choyera cha ku Antarctica, adawerengera kuti matani 5,200 a fumbi lochokera kunja kwa dziko amafika pansi chaka chilichonse. Amenewo ndi malole oposa 170 a matani 30, onga aja amadutsa pa mlatho wa Kassuende. Lambiri limachokera ku nyenyezi za michira ndi ku miyala yoyandama yozungulira dzuwa. Woimba wina wa ku Norway, Jon Larsen, adayamba kusesa m'ngalande za madenga a nyumba za m'tauni, ndipo pamodzi ndi akatswiri a ku London adapezamo tinjere totere mazanamazana. Ndiye kuti ngakhale pa malata anu, pakati pa fumbi la pamsewu ndi la malasha, pali kanjere kamene kadachokera kuthambo.

Nthawi zina kumagwa mwala weniweni. Mu Januwale 1981 mwala wolemera makilogalamu 93 udagwa kuchokera kumwamba m'boma la Machinga ku Malawi. Wina udagwa pa 28 Sepitembala 1969 pafupi ndi tauni ya Murchison ku Australia, ndipo mu 2020 akatswiri a ku Chicago adalengeza kuti mkati mwake muli tinjere tina ta zaka pafupifupi mabiliyoni 7. Timeneti n'takale kuposa dzuwa, kuposa mwezi, kuposa dziko. Ndi mwaye wa nyenyezi zimene zidafa dzuwa lathu lisanayake, ndipo munthu akhoza kuuika pa chikhatho.

Tsono tibwerere ku Moatize. Malasha amene akukumbidwa kumeneko adali zomera za m'madambo zimene zidakwiririka zaka zoposa mamiliyoni 250 zapitazo. Zomerazo zidatenga kaboni mu mpweya wa dziko. Dziko lidamulandira kuchokera mu mtambo umene udabala dzuwa. Mtambowo udamulandira kwa nyenyezi zakufa. Choncho agogo aja adangotembenuza ulendo: fumbi la ku Moatize silidakwere kukadetsa thambo, koma fumbi lakuthambo ndilo lidatsika kudzakhala malasha a ku Moatize. Kaboni yemweyo ali mu nsima, mu nkhuni, ndi m'thupi lanu ndi langa. Ayironi wa m'magazi athu ndi kashiamu wa m'mafupa athu nazonso zidaphikidwa m'ng'anjo za nyenyezi. Pamaliro timakumbutsidwa kuti ndife fumbi, ndipo pa mfundo imeneyi akatswiri a zakuthambo alibe mkangano ndi abusa.

Koma pasapezeke wina wotenga nkhani yokomayi n'kumauza agogo aja kuti asiye kudandaula poti tonse ndife fumbi. Ayi ndithu. Fumbi kumwamba limabala nyenyezi, fumbi m'mapapo limabala chifuwa. Tinjere toopsa kwambiri ndi tija tating'onoting'ono, tochepa ka 30 kuyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi, chifukwa mphuno siitha kutigwira ndipo timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo, tina mpaka m'magazi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mpweya woipa, wa panja ndi wa m'nyumba zophikira nkhuni ndi makala, umafupikitsa miyoyo ya anthu pafupifupi 7 miliyoni chaka chilichonse. Mu Okutobala 2018 anthu a m'dera la Bagamoyo ku Moatize adalowa mu mgodi n'kuimitsa ntchito podandaula za fumbi lomweli. Funso la agogo lidachokera pa chingwe cha zovala ndi pa mphasa ya ufa, ndipo funso limenelo likufunabe yankho kwa amene amakumba, amene amanyamula ndi amene amalamulira.

Ine ndi munthu wa sekondale chabe, koma chinthu chimodzi chandikhudza pofufuza nkhaniyi. Ngati anthu angathe kuyeza kukula kwa kanjere ka fumbi kamene kali pa mtunda wa zaka 600 za kuwala, n'kudziwa kuti kapangidwa ndi chiyani, ndiye kuti kuyeza fumbi la m'mudzi mwathu si chinthu chovuta. Makina ake alipo. Chimene tikupempha n'chakuti liziyezedwa tsiku ndi tsiku pafupi ndi sukulu ndi misika, ndipo zotsatira zake zizilengezedwa poyera m'chinenero chimene agogo angamve. Ife a pa wailesi tikhoza kumaziwerenga m'mawa uliwonse monga timachitira ndi za nyengo. Misewu ya malole izithiridwa madzi, malole onyamula malasha azifunditsidwa, ndipo ifenso tisiye kutentha zinyalala ndi mapulasitiki pakhomo madzulo, poti fumbi lina timadzipangira tokha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Palinso china chimene agogo adaona mosadziwa. Adaliona thumbali chifukwa magetsi adazima. Masiku ena onse kuwala kwa mababu a m'tauni kumagunda fumbi ndi utsi wa mumpweya wathu, thambo n'kuyera mbee, ndipo Mlalang'amba umabisika. Mwana wa mchemwali wanga, amene ali m'kalasi lachisanu ndi chiwiri, nditamufunsa ngati amadziwa Nsangwe kapena Akamwiniatsatana, adandiyang'ana ngati ndikutchula mayina a mankhwala. Amayi anga adaphunzira mayina amenewa pabwalo kwa agogo awo ku Angónia, popanda buku. Ife tikapanda kuwatchulira ana athu, mayinawo afa ndi m'badwo uno.

Ndipo ana amenewa ali ndi mwayi umene ife tidalibe. Dziko la Mozambique lili m'gulu la maiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya SKA, makina aakulu omvera mafunde akuthambo amene akumangidwa m'chipululu cha Karoo ndi ku Australia. Ena mwa maikowo ndi Zambia, Botswana, Namibia, Kenya, Ghana, Madagascar ndi Mauritius. Ntchito yotere imafuna achinyamata odziwa masamu, sayansi ndi kompyuta. Chodabwitsa n'chakuti miyala imene muli malasha a ku Moatize akatswiri a za nthaka amaitchanso miyala ya Karoo, potengera dzina la chipululu chomwecho. Mwana wa ku Chingodzi amene angaphunzire kuyeza fumbi la nyenyezi ndi yemweyo angadzathe kuyeza fumbi la kwathu n'kunena zoona popanda womunamiza. Makolo, mwana akamafunsa mafunso a kumwamba musamuthamangitse kuti akatunge madzi. Atunge, koma akabwera mumuyankhe, kapena mukafunse limodzi kwa aphunzitsi.

Tsono nayi ntchito ya sabata ino. Miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni ndiyo yabwino, mvula itasesa mpweya ndipo moto wa tchire usanayambe. Sankhani usiku wopanda mwezi. Cha m'ma 8 kapena 9 koloko tulukani pamalo opanda mababu, mutembenukire kummwera, ndipo muike foni m'thumba kwa mphindi 15 kuti maso azolowere mdima, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mudzaona nyenyezi zinayi za mtanda zitaima chapakatikati pa nthaka ndi pamwamba pa mutu. Kumanzere kwake kuli nyenyezi ziwiri zowala kwambiri zoloza mtandawo. Yakutali ndi mtanda mwa ziwirizo ndi Alpha Centauri, mnansi wa dzuwa lathu, imene kuwala kwake kumatenga zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kutipeze. Tsono yang'anani kumunsi kwa dzanja lamanzere la mtanda, pakati pa nyenyezi ya kuphazi ndi ya kumanzere. Banga lakuda limene mudzaone pamenepo ndilo Thumba la Malasha. Mutenge mwana mmodzi, wanu kapena wa aneba, mumulozere.

Agogo, ngati mdzukulu wanu akukuwerengerani tsamba lino, landirani yankho lanu ndi kupepesa kwathu chifukwa cha kuseka kuja. Thambo silidadetsedwe ndi anthu, banga lija mudalipeza ndipo mudzalisiya. Koma zovala zanu ndi ufa wanu zikudetsedwadi, ndipo nkhani imeneyo sitiisiya. Lachiwiri likubwerali muimbenso, mzere ukhala wotsegula, ndipo mnzanga wa pa makina walonjeza kuti nthawi ino akhala chete n'kumvetsera.